Momwe mungalerere galu wothandiza asilikali opuma ndi anthu omwe anaona zoopsa

Pali anthu nkhondo inatha kalekale koma m'mutu mwawo sinathe, usiku sagona, chitseko chikangomenyeka thupi lonse njenjenje, pamalo podzaza anthu safuna n'kuyandikirapo komwe. Madokotala amati PTSD, ndipo si asilikali okha ayi, aliponso opulumuka pangozi, ogwiriridwa, omwe akhala akumenyedwa m'nyumba zaka ndi zaka. Ena mwa iwowa amathandizidwa ndi agalu, ndiye chomwe ambiri sadziwa n'choti galu wotereyu kawirikawiri amakulira m'nyumba ya munthu wamba, volontiya, osalipidwa. Ngati mumakonda agalu komanso simupsa mtima msanga ntchito imeneyi mungaithe, nayi njira yake.

1. Dziwani kaye kuti mukufuna galu uti

Anthu amasokoneza kwambiri apa. Pali service dog, uyu ndi galu wa munthu mmodzi basi, waphunzitsidwa ntchito zenizeni zokhudza vuto la mwini wakeyo ndipo amayenda naye kulikonse. Ku America lamulo la ADA, loteteza ufulu wa anthu olumala, limamulola kulowa m'sitolo, mu lesitilanti, m'basi, ndipo ogwira ntchito pamalopo amaloledwa kufunsa mafunso awiri okha, ngati galuyo ali naye chifukwa cha ulumali komanso ntchito yomwe anaphunzitsidwa. Ndiye pali therapy dog, uyu amakhalabe wanu, mumangopita naye kukacheza ku chipatala kapena komwe anthu ovulala mumtima amakumana, anthu ambiri amamusisita, ndipo alibe ufulu wolowa paliponse, amalowa komwe waitanidwa. Ngati mukudziwa kuti simungapirire kupereka galu amene mwamulera nokha, sankhani wachiwiriyu kuyambira pano.

2. Musayambe panokha, lowani m'bungwe

Ndikunena izi chifukwa galu wophunzitsidwa mwatheka ndi woopsa kwa munthu amene ali kale ndi mantha. Assistance Dogs International inayamba mu 1986 ndipo imayendera mabungwe a m'maiko osiyanasiyana kuona ngati akutsata muyezo, pa intaneti ali ndi mndandanda wa mabungwe ovomerezeka. Canine Companions ya ku California, yomwe Bonnie Bergin anayambitsa mu 1975, imadalira mavolontiya kulera tiagalu. K9s For Warriors ya ku Florida anaiyambitsa Shari Duval mu 2011 mwana wake atabwera ku Iraq ali ndi PTSD, ndipo agalu awo ambiri amawatenga kumalo osungirako agalu otayidwa. Kwa therapy dog kuli Pet Partners ndi Therapy Dogs International. A kubungweko akufunsani za nyumba yanu, ana, ziweto zina, komanso maola angati omwe galu azitsala yekha, muyankhe zoona zokhazokha.

3. Galu wake

Bungwe likakhala kuti limaweta lokha likupatsani kagalu ka masabata 8, nthawi zambiri Labrador kapena golden retriever kapena kosakaniza mitundu iwiriyi. Ngati mukusankha nokha musathamangire kukongola kapena kukula thupi. Gwetsani makiyi pafupi naye, kudzidzimuka si vuto, muone ngati akubwerera msanga kudzanunkhiza. Galu wothawira kukona n'kumanjenjemera, kapena wolusa mukayandikira mbale yake, ntchitoyi si yake. Dokotala wa ziweto amuyeze, katemera wa chiwewe, parvo ndi distemper akhale m'malo, mankhwala a njoka zam'mimba ndi nthata osaiwala, ndipo akakula amamujambula chiuno ndi zigongono chifukwa mitundu imeneyi imavutika ndi mafupa.

4. Masabata oyambirira, apa ndi pomwe pagona nkhani

Kagalu kamaphunzira kuti dziko ndi lotani kuyambira masabata 3 mpaka cha m'ma 14, zomwe sikanaone panthawiyi kamadzaziopa kakakula. Ndiye ntchito yanu ndi kukaonetsa dziko pang'onopang'ono, anthu a ndevu, a zipewa, a yunifolomu, a ndodo zoyendera, a pa njinga ya olumala, ana othamanga uku akukuwa, masitepe, pansi poterera, ambulera ikutsegulidwa, phokoso la njinga yamoto. Katemera asanathe muzikanyamula m'manja, osakaika pansi pomwe agalu osadziwika amayenda.

Koma chonde kuonetsa si kukakamiza. Ambiri amalakwitsa poganiza kuti kuponya kagalu pakati pa chigulu cha anthu ndiye kazolowera, ayi ndithu, kamangouma ndi mantha inu n'kumati kadekha. Yambirani patali pomwe kakuona chinthucho koma kakudyabe zomwe mukukapatsa, kakakana kudya dziwani kuti mwayandikira kwambiri, bwererani m'mbuyo mudzayesenso mawa. Chinthu chimodzi kapena ziwiri patsiku zakwana, kenako kagone, tiagalu timagona kwambiri ndipo kotopa sikaphunzira kanthu.

5. Phunzitsani ndi mphotho, ndodo iyi ayi

Galu womenyedwa amamvera chifukwa cha mantha, ndiye tangoganizani kupereka galu wamantha kwa munthu amene akulimbana ndi mantha. Njira yake ndi yophweka, sankhani liwu limodzi lalifupi ngati "eya" kapena gwiritsani clicker, kachipangizo kakang'ono kolira mukakadina, galu akangochita chomwe mukufuna linenedwe nthawi yomweyo kenako kachakudya. Mukachedwa masekondi atatu mwamuyamikira zina, mwina waimirira kale. Mphindi 5 katatu patsiku zimaposa ola lathunthu Loweruka lokha, ndipo aliyense m'nyumbamo azigwiritsa mawu omwewo, bungwe limapereka mndandanda wake.

Khala, gona, dikira, bwera, siya, kuyenda pambali panu chingwe chili lende, kukodza pomwe wauzidwa, zonsezi aziphunzira. Koma kwa ine chachikulu kuposa zonse ndi kugona phee osachita kanthu. Galu wa msilikali opuma nthawi yambiri amangogona pansi pa tebulo kapena m'chipinda chodikirira dokotala, ndiye tengani kamphasa kake, akagonapo mpatseni mphotho, muzionjezera nthawi pang'onopang'ono, kenako kachiteni zomwezo panja pomwe anthu akudutsa. Zimatopetsa ndipo palibe amene angakuombereni m'manja, koma agalu ambiri amagwa pomwepa. Akavala kajekete kake ka ntchito anthu asamuseweretse, muzikana mwaulemu.

6. Phunzirani kumuwerenga

Kuyasamula pomwe alibe tulo, kunyambita milomo, kutembenuza mutu, kuonetsa zoyera za m'maso, mchira pakati pa miyendo, kupuma wefuwefu kusakutentha, apo akukuuzani kuti zandikwana. Muchotseni. Ndipo akakulusirani pang'ono musamukalipire, mukamuletsa kuchenjeza tsiku lina adzaluma osachenjeza. Zoterezi muziuza bungwe, osabisa pofuna kuti galu wanu akhoze.

7. Ntchito zenizeni za PTSD

Izi kawirikawiri amaphunzitsa ndi akatswiri galu akachoka kwa inu, koma ndi bwino kudziwa komwe maziko anu akupita. Galu amaphunzira kugona pamiyendo kapena kutsamira pachifuwa cha munthu mantha akamugwira, kulemera ndi kutentha kwake kumathandiza kuti mpweya ubwerere m'malo. Amaphunzira kuona zizindikiro monga kugwedeza mwendo, kufinya manja kapena kubisa nkhope, n'kumukhudza ndi mphuno mpaka munthuyo abwerere pano pomwe ali. Amamudzutsa akamalota zoopsa, ena amakoka bulangeti ena amayatsa getsi. Pamzere amaima kutsogolo kapena kumbuyo kuti anthu asamupanikize. Kaphunzitsidwe kake ndi komwe kaja, wophunzitsa amayerekeza kugwedeza mwendo, galu akakhudza ndi mphuno, eya, mphotho, mpaka kugwedezako kusanduke lamulo palokha. Palibe kuuwa kapena kuopseza anthu, uyu si galu wolondera.

8. Ngati ndi therapy dog

Mabungwe ambiri amafuna galu akhale wa chaka chimodzi kupita m'tsogolo ndipo amayesa nonse awiri, inu ndi galu. Poyambira pabwino ndi mayeso a Canine Good Citizen omwe American Kennel Club inayambitsa mu 1989, ali ndi zigawo 10 monga kulola mlendo kumusisita, kudutsa pakati pa anthu komanso kukumana ndi galu mnzake osalusa. Pokacheza musambitseni, muwengeni zikhadabo, ndipo funsani kaye munthu aliyense ngati akufuna galu, ena analumidwapo, ena agalu amawakumbutsa zomwezo zomwe akuthawa. Musamudzidzimutse munthu kumbuyo, musamugwire, ndipo musafunse kuti kodi kunachitika chani kunkhondoko. Akayamba kulankhula yekha, mwinanso akulankhula kwa galuyo osati kwa inu, ingokhalani chete mumve, ndipo zomwe mwamva zitsale komweko. Inu si dokotala, galunso salowa m'malo mwa uphungu kapena mankhwala, munthu akanena zodzipweteka uzani ogwira ntchito pamalopo nthawi yomweyo. Pet Partners salola kupitirira maola 2 patsiku, agalu ambiri ola limodzi atopa kale.

9. Kumubweza

Pakatha chaka ndi theka kapena kucheperapo pang'ono, service dog amabwerera kubungwe kukaphunzira miyezi ingapo ndi akatswiri, ndipo si onse amakhoza, ena amagwa chifukwa cha chiuno, ena kuopa phokoso, ena kukonda kuthamangitsa amphaka. Si kuti mwalephera inu, amapatsidwa ntchito ina kapena amakhala galu wapakhomo, nthawi zina kwa yemwe anamulerayo. Ku America lamulo la PAWS for Veterans Therapy Act la 2021 linatsegulanso njira yoti asilikali opuma omwe ali ndi PTSD aziphunzitsa nawo agaluwa ngati mbali ya chithandizo chawo, ndiye mwina amene adzapitirize ntchito yanu ndi msilikali mnzake wa amene adzamulandire.

Musanamupereke lembani zonse mukabuku, zomwe amaopa, chidole chomwe amakonda, nthawi yomwe amadya, mmene amachitira kukamagunda mabingu. Ku Canine Companions tsiku lomaliza maphunziro amaitana volontiya amene analera galuyo kuti apereke yekha chingwe m'manja mwa mwini watsopano, pitani ndithu ndipo mutenge kampango kopukutira misozi.