Momwe mungachepetsere thupi pochepetsa nsima ndi shuga kuno ku Chipata

Ndinayamba kadyedwe aka nditakwera pa sikelo ya ku kiliniki n'kupeza kuti ndikulemera makilogalamu 96, ndipo patatha miyezi 7 ndinali pa 85. Amene mumamwa mankhwala a matenda a shuga kapena kubaya insulin, kaonaneni ndi adokotala musanayambe, chifukwa mukachepetsa nsima pamene mankhwala ali omwewo, shuga wa m'magazi angatsike mpaka munthu kukomoka.

Choyamba, siyani shuga wa m'zakumwa. Kasupuni kamodzi ka shuga kamalemera pafupifupi magalamu 4, ndipo ine ndinkathira tinayi m'kapu ya tiyi, m'mawa ndi madzulo, osawerengera thobwa, maheu ndi mabanzi. Musathamangire uchi poganiza kuti mwapeza polowera, pakuti nawonso ndi shuga, ndipo wina amene ndinagula m'botolo m'mbali mwa msewu anali madzi a shuga wowiritsa basi.

Chachiwiri ndi nsima, ndipo apa ndi pamene ndinalakwitsa. Ndinaisiyiratu yonse nthawi imodzi, pamodzi ndi mpunga, mbatata ndi chinangwa. Tsiku lachinayi mutu unkandiwawa ngati malungo, miyendo inalefuka, ndipo ndikuyenda chokwera cha ku Kanjala ndinachita chizungulire mpaka kukhala pansi m'mbali mwa njira, wanjinga wina n'kundinyamula kukanditula kunyumba. Kudzimbidwa nakonso kunandigwira sabata yathunthu. Chimene chimachitika n'chakuti thupi limasunga shuga m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo galamu iliyonse ya shuga wosungidwayo imagwira madzi pafupifupi magalamu 3. Mukaleka zakudya zokhutitsa mwadzidzidzi, nkhokweyo imatha, madzi aja amatuluka ndi mkodzo, ndipo impso zimataya mchere wambiri. N'chifukwa chake makilogalamu 3 amene ndinataya sabata yoyambayo, n'kumadzitama nawo kwa anzanga, anali madzi osati mafuta.

Nditayambanso, ndinachita pang'onopang'ono. Pa mitanda itatu imene ndinkadya masana ndinatsika pa iwiri kwa masabata awiri, kenako umodzi, ndipo madzulo ndinasiyiratu. Ndinkamwa madzi ambiri ndi msuzi wa mafupa wothira mchere, ngakhale kuti amene muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi musawonjezere mchere popanda kufunsa kuchipatala. Kadyedwe kotere nthawi zambiri kamatanthauza kuti shuga amene thupi limapeza m'zakudya zokhutitsa ndi zotsekemera asapitirire magalamu 130 pa tsiku. Amene amatsika pansi pa 50 amati akuchita keto, koma ine sindikuona kuti munthu wodya pa mphika umodzi ndi banja angaipirire nthawi yaitali. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera chifukwa cha gaga, komabe nawonso ndi chimanga, choncho mtanda ukhale umodzi womwewo.

Chachitatu, malo amene nsima yasiya m'mbale mudzazepo ndiwo: chibwabwa chotendera, bonongwe, lepu, therere, kabichi, mazira, kapenta, nkhuku, ngakhale mbewa nyengo yake ikakwana. Nsawa kuno kum'mawa sizisowa, koma dzanja limodzi pa tsiku n'lokwanira, pakuti zili ndi mafuta ambiri, ndipo galamu ya mafuta ili ndi makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) 9 pamene ya shuga ili ndi 4. Masamba ndimagula ku msika wa Kapata dzuwa litapendeka, ogulitsa atayamba kutsitsa mtengo, ndipo mazira ndimagula thireyi yathunthu chifukwa ogula limodzilimodzi amadula. Tiyi wochepetsa thupi amene amatsatsidwa pa WhatsApp musatayirepo ndalama. Paketi imene ndinagula inangonditsegula m'mimba masiku awiri.

Zotsalazo n'zosavuta. Yendani pansi mphindi 30 tsiku lililonse, kwerani pa sikelo kamodzi pa sabata m'mawa musanadye, ndipo yezani chiuno ndi chingwe. Ku ukwati ndi kumaliro idyani mtanda umodzi kuti musakhumudwitse eni khomo, mawa lake mubwerere pa ndiwo zanu.