Werengani matumba a chakudya musanagule anapiye

Makola ambiri a nkhuku za nyama omwe ndimalowamo kuseri kwa nyumba amakhala ndi vuto limodzi. Mlimi anagula anapiye 100, nagula thumba limodzi kapena awiri a chakudya, poganiza kuti ena adzaoneka m'tsogolo. Sabata yachinayi ikafika, nkhuku zikudya ngati dzombe, ndalama zatha, ndiye amathamangira kuchigayo kukagula madeya. Pakatha masabata asanu ndi limodzi nkhuku zija zimakhala nthenga zokhazokha, chidale chowonda, ndipo ogula amangozinyamula n'kuzibwezera pansi.

Choncho tiyambe ndi masamu. Nkhuku ya nyama (broiler) imodzi imadya makilogalamu apakati pa 3.5 ndi 4 kuchokera tsiku loyamba kufika masiku 42, ndipo ikasamalidwa bwino imafika makilogalamu awiri kapena kupitirira. Pa nkhuku 100, amenewo ndi matumba pafupifupi 8 a makilogalamu 50: limodzi la starter, atatu a grower, anayi a finisher. Ngati ndalama zanu zikukwana matumba anayi okha, gulani anapiye 50. Phindu la nkhuku 50 zokhuta limaposa la nkhuku 100 zanjala, ndipo izi ndaziona kambirimbiri.

Mitundu itatuyi ili ndi chifukwa chake. Starter imakhala ndi mapuloteni ambiri, pafupifupi 22 peresenti, chifukwa m'masabata awiri oyamba mwanapiye akumanga mafupa, matumbo ndi chitetezo cha m'thupi. Grower imatsika kufika pa 20, ndipo imadyedwa kuyambira tsiku la 15 mpaka la 28. Finisher imakhala pa 18 kapena 19, koma ndi mphamvu zambiri zoika mnofu. Makampani ena amasiyanitsako masiku, ndiye werengani kapepala ka pathumba, muonenso tsiku limene chakudyacho chinapangidwa. Posintha mtundu musachite mwadzidzidzi. Sakanizani chakale ndi chatsopano kwa masiku atatu, chatsopano chikuchulukirachulukira, kuti nkhuku zisanyanyale kapena kutsegula m'mimba.

Pa nkhani ya madeya ndiimepo pang'ono, chifukwa ndi pamene ambiri timagwera. Madeya ali ndi mapuloteni pafupifupi 10 peresenti basi. Mukasakaniza theka grower theka madeya, chakudya chimene chinali pa 20 chimagwa kufika cha m'ma 15, ndipo mavitamini ndi michere ya m'thumba muja mwaichepetsanso ndi theka. Nkhuku imakhuta, inde, koma siikula. Imakhala m'khola masabata ena awiri kapena atatu ikudyabe, ndipo ndalama munkapulumutsa zija zimathera momwemo. Nkhuku zachikuda ndi za Mikolongwe zimapirira madeya chifukwa zimakula pang'onopang'ono ndipo zimatolatola chiswe ndi masamba panja. Broiler inapangidwira kukula mothamanga, ndipo chilichonse chimene ikufuna chiyenera kupezeka m'chodyera.

Amene muli ndi chimanga ndi soya wanu mukhoza kupanga finisher pakhomo. Pa makilogalamu 100, pafupifupi 60 akhale chimanga chogaya ndi madeya ake omwe, 35 soya, otsalawo laimu, MCP (ufa wolimbitsa mafupa), mchere ndi premix ya broiler (mavitamini ndi michere zosakaniza kale) potsata muyeso wolembedwa pa paketi. Soya akazingidwe kaye mpaka afiirire, osapserera. Soya wosakazinga ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa nkhuku kugaya mapuloteni, ndipo imatsegula m'mimba n'kupinimbira. Starter yokha ndimalangiza kuti mugule yopangidwa kale, pakuti cholakwika cha m'masabata awiri oyamba sichikonzekanso. Ndipo chonde, chimanga chowola chimene mwachisankha kuti anthu asadye musapatse nkhuku. Chuku chimene chili mmenemo chimaononga chiwindi, chimafooketsa chitetezo, ndipo ngakhale katemera wa chitopa ndi gumboro sagwira bwino ntchito. Matumba a chakudya akhale pa thandala, osakhudza khoma, makamaka nthawi ya mvula.

Tsiku limene anapiye afika, yambani ndi madzi oyera, kenaka wazani starter pa mapepala kapena pa zivundikiro za makatoni kuti aliyense aipeze mosavuta. M'mawa mwake tolani anapiye khumi m'malo osiyanasiyana a khola, mugwire pansi pa khosi pamene pali chithokomiro. Chikakhala chodzaza ndi chofewa ngati phala, adya ndipo amwa. Chikakhala cholimba, timiyala ta chakudya tikumveka m'zala, adya koma sanamwe, ndiye onani zomwera. Chikakhala chopanda kanthu, mwina akuzizidwa ndipo aunjikana pafupi ndi mbaula osapita kukadya. Pa khumiwo, asanu ndi anayi kapena onse ayenera kukhala okhuta.

Nkhuku zikamakula, kwezani zodyera ndi zomwera kuti mlomo wake ulingane ndi msana wa nkhuku. Musadzaze chodyera mpaka pakamwa. Thirani gawo limodzi mwa magawo atatu, muzionjezera kawiri kapena katatu pa tsiku. Palasani utuchi pansi pa chodyera muone: mukapeza chakudya chambiri mmenemo, ndiye kuti mukudyetsa makoswe. Chodyera chimodzi chopachika chikwanire nkhuku 25 kapena 30, kuti zing'onozing'ono zisamapondedwe ndi zinzake.

Madzi asasowe ngakhale ola limodzi. Broiler imamwa pafupifupi kuwirikiza kawiri kulemera kwa chakudya chimene yadya, ndipo madzi akatha imasiyanso kudya. Tsukani zomwera m'mawa uliwonse.

M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, makamaka ku Chikwawa, Nsanje, Salima ndi Mangochi, nkhuku zikuluzikulu zimafa masana ndi kutentha, zambiri zikangotha kudya, chifukwa kugaya chakudya kumatenthetsanso thupi. Mukaona zayasamula, mapiko atatambasuka, sinthani nthawi yodyetsa. Zipatseni chakudya mbandakucha, muchotse zodyera cha m'ma 10 koloko, mubwezere cha m'ma 4 madzulo kukazizira, ndipo muyatse nyali kwa maola angapo usiku kuti zidye zimene zinaphonya. Izi ndi za nkhuku za masabata anayi kupita m'tsogolo, osati anapiye.

Sabata iliyonse yezani nkhuku khumi pa sikelo, mulembe m'kope pamodzi ndi matumba amene atha. Pa tsiku la 7 mwanapiye alemere kuwirikiza kanayi mmene analili pobwera. Ngati munapereka mankhwala, dikirani masiku olembedwa pa paketi musanagulitse. Nkhuku zimene mukupha mawa m'mawa muzichotsere chakudya maola 8 mpaka 12 zisanaphedwe, koma madzi muzisiyire.