Mmene mungakhalire woyimba saxophone wa jazz komanso mphunzitsi wa nyimbo

Munthu amene akufuna kuti saxophone izimudyetsa ayenera kudziwa kuyambira pachiyambi kuti ntchitoyi imayenda ndi miyendo iwiri, kuyimbira anthu ndi kuphunzitsa, ndipo amene amaona kuphunzitsa ngati ntchito ya oyimba olephera amadzilanda yekha chuma ndi luso.

Yambani ndi saxophone ya alto, chifukwa ndi yopepukirapo ndipo siifuna mpweya wambiri ngati ya tenor. Kabango kopyapyala kamene kamanjenjemera kukamwa kwa chidachi, kotchedwa reed, kakhale ka nambala 2 kapena 2.5, popeza kolimba kwambiri kamatopetsa milomo ya ongoyamba kumene ndipo kamawazoloweretsa kuluma. Tsiku lililonse, musanayimbe nyimbo ina iliyonse, tulutsani liwu limodzi n'kuligwira kwa nthawi yaitali, mpweya ukuchokera m'mimba osati pakhosi, mpaka liwulo litasiya kugwedera. Zimenezi n'zotopetsa, koma omvera amamuzindikira woyimba ndi liwu lake asanaone n'komwe liwiro la zala zake.

Jazz inakulira pakati pa anthu akuda a ku New Orleans kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo ambiri ankaiphunzira ndi khutu. Inunso teroni. Sankhani kachigawo kakafupi ka nyimbo ya Charlie Parker kapena John Coltrane, akatswiri a saxophone mu jazz, kamvetsereni mobwerezabwereza, kayimbeni ndi pakamwa, kenako kasakeni pa saxophone osayang'ana pepala. Phunzirani blues, mtundu wa nyimbo umene umazungulira pa zigawo 12 zofanana kutalika (mabala 12), m'makiyi onse 12, ndipo kumbukirani kuti woyimba piyano akagunda C, wa alto amayimba A pamene wa tenor amayimba D kuti liwu lifanane ndi la piyanoyo. Amene sadziwa zimenezi amasokonezeka tsiku loyamba kuyimba ndi anzake. Sonny Rollins, woyimba tenor, atatchuka kale, anasiya kuyimba pagulu mu 1959 n'kumakayeserera yekha pa mlatho wa Williamsburg ku New York mpaka 1961, zomwe zikusonyeza kuti kuyeserera sikutha chifukwa choti dzina lamveka.

Pa nkhani ya kuphunzitsa, chitsanzo chimene ndimachilemekeza kwambiri ndi cha Jackie McLean, woyimba alto wa ku Harlem amene anayimbapo ndi Miles Davis, Charles Mingus ndi Art Blakey. Mu 1968 anayamba kuphunzitsa ku Hartt School ya University of Hartford, ndipo mu 1970 iye ndi mkazi wake anakhazikitsa Artists Collective, kumene ana a m'madera osauka a mumzinda wa Hartford ankaphunzira nyimbo ndi maluso ena. Ophunzira ake ankamva kuchokera kwa munthu amene anayimbadi nyimbozo pamodzi ndi eni ake, ndiye chifukwa chake musasiye kuyimba pagulu ngakhale ophunzira atachuluka.

Musadikire kutchuka kuti muyambe. Tengani ophunzira awiri kapena atatu, gwirizanani nawo kapena makolo awo malipiro a mwezi wonse osati a tsiku, chifukwa ndalama za m'mahotela ndi m'maukwati zimabwera mwa apo ndi apo pamene lendi siidikira. Phunzirani kuwerenga manotsi ndi kuyimba piyano pang'ono, kuti muzitha kuwaperekeza ophunzira ndi makodi, omwe ndi manotsi angapo ogundidwa pamodzi, akamayesa kupeka zawozawo. Mukaona kuti atha kugwira liwu ndi kusunga nthawi, asonkhanitseni ndi wa ng'oma ndi wa besi kamodzi pa sabata, ndipo aliyense apatsidwe mpata woyimba yekha pa blues imodzimodziyo ena akumvetsera.