Momwe mungamangire deki ya maninja a ku Kamigawa mu Magic: The Gathering

Kamigawa ndi dziko lopeka la m'masewero a makadi a Magic: The Gathering, lomwe kampani ya Wizards of the Coast inaliumba potengera nthano ndi chikhalidwe cha ku Japan. Linaonekera koyamba mu 2004 m'makadi a Champions of Kamigawa, nkhani yake ili nkhondo ya anthu ndi mizimu yotchedwa kami, yomwe inabuka mfumu Konda itaba chinthu chopatulika kudziko la mizimu. Maninja anabwera mu 2005 ndi Betrayers of Kamigawa, ndipo mu Febuluwale 2022 anabwereranso mu Kamigawa: Neon Dynasty, nkhani itadumpha zaka zoposa 1,000, mzinda wa Towashi ukuwala ndi magetsi usiku wonse.

Kwa munthu wongoyamba kumene, deki (mpukutu wa makadi omwe mumasewerera) ya maninja ndi imodzi mwa zotsika mtengo, chifukwa itha kumangidwa ndi makadi wamba (otchedwa common) okhaokha, monga amafunira malamulo a kaseweredwe ka Pauper. Koma ambiri amaimanga molakwika. Amadzaza maninja, n'kuiwala tizilombo ting'onoting'ono tomwe timawatsegulira njira.

Yambani ndi kumvetsa ninjutsu

Lamulo lake ndi ili. Chilombo chanu chikaukira ndipo mnzanu sanachitchinge, mumalipira mana (mphamvu yolipirira makadi) ya ninjutsu, kuonetsa ninja amene ali m'manja mwanu, kubweza chilombocho m'manja, kenaka ninja uja amalowa pabwalo atagona cham'mbali, akuukira kale. Iyeyo satchingidwanso, popeza nthawi yotchinga yadutsa.

Pali zinthu zitatu zomwe zimasokoneza anthu pamenepa. Choyamba, ninjutsu siitheka mnzanu asananene zotchinga. Dikirani anene yekha kuti "sinditchinga" musanaonetse khadi. Mukafulumira mwamuululira zomwe mwabisa, ndipo iye adzatchinga. Chachiwiri, kubweza chilombo m'manja ndi mbali ya malipiro, choncho mukangoyamba, mnzanu sangachiphenso kuti akulepheretseni, ndipo Counterspell, khadi lolepheretsa khadi lomwe wina akuponya, siigwira ninjutsu chifukwa simukuponya khadi mwa nthawi zonse. Chachitatu, ninja wolowa motere, ngakhale ali m'kati moukira, sawerengedwa kuti "waukira" chifukwa simunamulengeze poyamba nkhondo, kotero mphamvu zolembedwa kuti zimayamba chilombo chikaukira sizidzuka.

Sankhani makadi 60

Deki imafunika makadi osachepera 60, ndipo khadi limodzi silipitirira anayi kupatula makadi wamba opereka mana monga Island. Mtundu umodzi wokha, wa buluu, ndi wokwanira.

Ikani ma Island 18. N'ochepa poyerekeza ndi madeki ambiri, koma pafupifupi chilichonse muno chimadya mana imodzi kapena ziwiri.

Kenaka tizilombo totsegula njira, 14. Apa ndiye pagona deki yonse. Faerie Seer anayi: mana imodzi, amauluka, ndipo akalowa mumasuzumira makadi awiri a pamwamba pa deki n'kusankha oti atsikire pansi. Network Disruptor anayi, ochokera mu Neon Dynasty momwemo: nawonso amauluka, ndipo akalowa amagoneka khadi limodzi la pabwalo lomwe mwaloza. Slither Blade anayi, omwe satchingika n'komwe. Ornithopter awiri okha. Ornithopter sadya mana, ndiye mukamubweza m'manja mumamuikanso ulele, koma mphamvu yake yomenyera ndi 0, ndipo kumutola masewero atafika patali n'kutaya mwayi.

Maninja akhale 8. Ninja of the Deep Hours anayi: mtengo wake weniweni ndi mana zinayi, koma ninjutsu ndi ziwiri, ndipo akamenya mnzanu mumatola khadi. Moon-Circuit Hacker anayi: ninjutsu yake ndi mana imodzi yokha, naye amatoletsa khadi, kungoti ngati sanalowe pabwalo ulendo womwewo (ulendo ndi nthawi yanu yosewera) mumataya khadi limodzi mukatola.

Otsala 20 agaweni chonchi: Spellstutter Sprite anayi, Counterspell anayi, Snap anayi, Preordain (wosuzumira makadi awiri n'kutola limodzi) anayi, ndipo anayi omaliza muwasankhe molingana ndi madeki a anzanu omwe mumasewera nawo kawirikawiri. Gulani makadi amodziamodzi omwe mukuwafuna. Kutsegula mapaketi pofunafuna khadi lakutilakuti kumatha ndalama zambiri.

Makadi asanu ndi awiri oyamba

Sungani ngati muli ndi ma Island awiri kapena atatu ndi kachilombo ka mana imodzi. Maninja atatu popanda wowatsegulira njira asakunyengeni. Bwezani, sakanizani, tolaninso asanu ndi awiri, n'kuika limodzi pansi pa deki monga limanenera lamulo. Kuyamba ndi asanu ndi limodzi abwino kumaposa kukhala manja ali odzaza pabwalo pali mbee.

Maulendo awiri oyamba

Ulendo woyamba: Island, kenaka Faerie Seer. Posuzumira makadi awiri aja, funani Island wachiwiri kapena ninja, chomwe mulibe.

Ulendo wachiwiri ikani Island, koma musagwiritse mana musanaukire. Ukirani ndi Seer. Mnzanu akapanda kutchinga, ngati muli ndi Moon-Circuit Hacker lipirani mana imodzi, Seer abwerere m'manja, Hacker amenye 2, inu mutole khadi osataya kanthu. Nkhondo ikatha, mana yotsala ija muikire Seer pabwalo kachiwiri, musuzumirenso makadi awiri. Ndi ma Island awiri okha mwatsitsa moyo wa mnzanu kuchoka pa 20 kufika pa 18, mwatola khadi loonjezera, ndipo muli ndi zilombo ziwiri pabwalo. N'chifukwa chake timakonda tizilombo tochita kanthu polowa: ninjutsu iliyonse imatibweza m'manja kuti tichitenso.

Spellstutter Sprite ndiye amapindula kwambiri ndi zimenezi. Amalowa nthawi ina iliyonse, ngakhale pa ulendo wa mnzanu, n'kulepheretsa khadi lomwe mtengo wake sudutsa chiwerengero cha zilombo zanu za fuko la Faerie za pabwalo, iye yemwe akuwerengedwa. Mukamubweza ndi ninjutsu mwapeza msampha wachiwiri. Werengani bwino musanabweze Seer, pakuti naye ndi Faerie, ndipo akachoka chiwerengero chimatsika.

Pomwe zimavuta

Ninja akangolowa, ulendo wotsatira amakhala chilombo wamba choyenda pansi, 2/2 kapena 2/1 (mphamvu yomenyera/yopirira), chosavuta kutchinga. Musamuponye m'kamwa mwa chilombo chachikulu. Ikani Network Disruptor musanaukire kuti agoneke wotchinga uja, kapena mubwezeni m'manja mwa mwini wake ndi Snap, yemwe amakudzutsiraninso ma Island awiri.

Wosewera wodziwa amapha kachilombo kanu kakangoukira, nthawi yotchinga isanafike, kapena amadikira ninja alowe n'kumuwombera ndi khadi lopha zilombo zing'onozing'ono monga Lightning Bolt asanamenye. Mankhwala ake n'kuukira ndi tiwiri ngati n'kotheka, komanso kusunga mana ziwiri za Counterspell ma Island akafika anayi.

Musabweze chilombo chomwe mwachiveka Aura (khadi lomatidwa pa chilombo), chifukwa Aura imapita kumanda. Chilombo cha token (chopangidwa ndi khadi lina, osati khadi la m'deki) chikabwezedwa chimangozimirira.

Pali kaluso kena komwe ambiri sakadziwa. Ninja akamaliza kumenya amawerengedwabe kuti akuukira mpaka gawo la nkhondo litatha. Ndiye Hacker akamenya mutha kumubweza m'manja ndi ninjutsu ya ninja wina. Watsopanoyo samenya ulendo umenewo, koma walowa motchipa, ndipo Hacker akuyembekezera kulowanso osakutayitsani khadi.

Ngati mukufuna fungo lenileni la Kamigawa

Faerie Seer, Sprite ndi Slither Blade ndi a maiko ena a Magic. Wofuna deki yokhala ndi a Kamigawa ambiri aonjezere mtundu wakuda, wa a nezumi, anthu okhala ngati makoswe a kudambo la Takenuma. Okiba-Gang Shinobi amalowa ndi mana zinayi n'kutayitsa mnzanu makadi awiri akamenya. Virus Beetle amatayitsa limodzi nthawi iliyonse akalowa, kungoti sauluka, choncho amafuna Disruptor amugonekere wotchinga. Mitundu iwiri imafuna makadi a mana 19 kapena 20, ena opereka mitundu yonse iwiri, ndipo Counterspell mumuchepetse chifukwa amafuna mana ziwiri za buluu. Silver-Fur Master, yemwe amatsitsa mtengo wa ninjutsu ndi mana imodzi, ndi wabwino posewera pakhomo ndi anzanu, koma mu Pauper saloledwa chifukwa si khadi wamba.