Texas kapena Washington: momwe banja lingasankhire kosamukira ku America

Tinene kuti banja lanu lili ku South Bend m'chigawo cha Indiana, komwe kuli Amalawi ambiri, ndipo chisanu chakutopetsani. Bambo mtima uli ku Dallas, Texas. Mayi akufuna ku Seattle m'chigawo cha Washington, kugombe la kumadzulo kuja, osati likulu la dziko. Musanayambe kulongedza, tsatani izi.

Choyamba, khalani pansi awiri ndi pepala, muwerengere ndalama yomwe idzatsale kumapeto kwa mwezi. Zigawo zonse ziwiri sizidula msonkho wa chigawo pa malipiro, kusiyana ndi Indiana komwe amadula pafupifupi 3 peresenti. Malipiro otsikitsitsa ku Washington anali $16.66 pa ola mu 2025, pomwe ku Texas akadali $7.25. Koma musakopeke msanga, lendi ya ku Seattle imadya ndalama zedi, n'chifukwa chake ambiri amakakhala ku Kent kapena ku Tacoma n'kumayenda ulendo wautali popita kuntchito. Ku Texas nyumba n'zotsikirako mtengo, komabe mukagula yanu msonkho wa nyumba wa chaka ndi chaka ndi wokwera. Lembani lendi yeniyeni ya dera lomwe mukufunalo, mafuta a galimoto, inshuwaransi ndi ndalama yolipira kosungira ana.

Chachiwiri ndi chipatala, ndipo apa ndikupemphani musathamange. Washington idakulitsa Medicaid, inshuwaransi ya boma ya chipatala yomwe kumeneko amaitcha Apple Health, kuti ifikirenso akuluakulu opeza zochepa. Texas sidatero. Ngati ntchito yatsopanoyo sidzayamba kupereka inshuwaransi tsiku lomwelo, mwana kungothyoka mkono kamodzi bilu yake ikhoza kumeza zonse zomwe mudasunga. Ku Washington kulinso tchuthi cholipidwa cha masabata mpaka 12 kwa wogwira ntchito amene wabereka kapena akudwazika m'bale. Kwa banja lomwe likuyembekezera mwana, ine ndingayambire pomwepa. Funsaninso ngati mapepala anu okhalira m'dzikomo akukulolani kulandira thandizoli.

Chachitatu, laisensi ya ntchito. Anamwino omwe ali ndi laisensi ya Nurse Licensure Compact, mgwirizano wolola laisensi imodzi kugwira ntchito m'zigawo zingapo, ali pabwino, chifukwa Indiana, Texas ndi Washington zonse zili m'mgwirizanowu. Ogwira ntchito ya CNA (othandiza anamwino) ayenera kulembetsa m'kaundula wa chigawo chatsopano, choncho yambani msanga.

Chachinayi, mukaone malowo pa nthawi yake yoipa. Ku Dallas pitani mu Ogasiti, kutentha kukamafika madigiri 38, chiwongolero cha galimoto chikuwotcha m'manja. Kumbukiraninso February 2021, pomwe kuzizira kudazimitsa magetsi kwa anthu mamiliyoni ku Texas kwa masiku angapo. Ku Seattle pitani mu Disembala: mvula yamawawa tsiku ndi tsiku, ndipo 4:30 masana dzuwa lalowa kale. Ena mdima umenewu umawafooketsa mtima.

Muli komweko, yenderani sukulu. Mwana amapita kusukulu ya boma molingana ndi adiresi ya nyumba, ndiye yambani kusankha sukulu, nyumba ibwere pambuyo.

Chachisanu, lembani mayina a anthu omwe mukuwadziwa kumalo onse awiri. Ndani adzakutengereni mwana shifiti ikatalika? Kumudzi kukagwa maliro, ndani adzabwera kudzakhala nanu usiku? Ngati masamu a ndalama akufanana, pitani komwe mndandanda wa mayinawu uli wautali.

Mukagwirizana, werengerani ulendo: ku Dallas ndi makilomita pafupifupi 1,600, ku Seattle ndi oposa 3,000, kudutsa m'mapiri, choncho pewani kuyenda m'nyengo ya chisanu. Mukafika, amene si nzika adziwitse USCIS, nthambi ya boma yoona za anthu olowa m'dzikomo, za adiresi yatsopano pasanathe masiku 10 pogwiritsa ntchito fomu ya AR-11. Laisensi yoyendetsera galimoto musinthe pasanathe masiku 30 ku Washington, kapena 90 ku Texas.