Galimoto yakale ikamangozima: momwe mungapezere vuto musanagule chipangizo chilichonse

Galimoto ikayamba kuzima yokha, ambiri amathamangira kukagula mapulagi. Vuto likapitirira amagula pampu ya mafuta, kenaka koilo, ndalama n'kuthera pa kulosera. Chonsecho injini ya petulo imangofuna zinthu zitatu pa nthawi yake: mafuta, mpweya ndi moto wa ku mapulagi. Ikazima ndiye kuti chimodzi chasowa, ndipo nthawi imene yazimirayo ndiyo imaulula chosowacho.

Choncho sipanala idikire kaye, muyambe ndi kutchera khutu. Kodi imazima m'mawa isanatenthe kapena itayenda mtunda? Imazima mukaima kapena mukukwera chitunda? Imayamba yatsamwa ndi kunjenjemera, kapena imangoti zii mwadzidzidzi? Funso lomalizali ndilo lalikulu. Yoyamba yatsamwa kawirikawiri imakhala kuti mafuta akuperewera, pomwe yongoti zii imakhala kuti magetsi aduka penapake. Ikakuzimirani mukuyenda, chiwongolero ndi mabuleki zimalimba koma zimagwirabe ntchito. Patukani pang'onopang'ono, ndipo musazule kiyi galimoto isanaime chifukwa chiwongolero chimakhomeka.

Mukatsegula boneti, yambirani pa batire. Gwedezani mawaya a pa mitu yake, palani zoyera zomwe zimaundana pamenepo, ndipo tsatirani waya wa earth, wochoka pa mutu wa (-) wa batire kupita ku chitsulo cha galimoto, mpaka pomwe wamangidwa. Ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, batire yodzaza imaonetsa mavoti 12.6 injini ili chozima, ndipo ikamalira afike pakati pa 13.5 ndi 14.5. Akakhala pansi pa 13, alternator, chipangizo chodzaza batire injini ikamalira, sikutchaja, galimoto ikungodya batire mpaka kuzima.

Ngati galimotoyo ili ndi polumikizira pa OBD-II, kabowo ka mapini 16 kunsi kwa chiwongolero, lumikizanipo kamakina kowerengera makodi, manambala a mavuto amene kompyuta ya galimoto imasunga.  P0335 imaloza crankshaft sensor (sensa youza kompyuta mmene injini ikuzungulira), P0505 imaloza idle (kulira kwa injini musanaponde moto), P0171 imanena kuti mpweya wachuluka kuposa muyeso wake poyerekeza ndi mafuta. Kodiyo imangolozera dera, siinena kuti chipangizo chafa; nthawi zina ndi waya chabe wothetheka.

Tsopano pitani komwe zizindikiro zakulozerani. Ikamazima mukaima, mukaponda kilatchi kapena mukayatsa AC, vuto lili pa idle. Injini yotentha bwino imayenera kukhazikika pakati pa 600 ndi 900 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi imodzi). Masulani paipi yaikulu ya mpweya, muone mwaye womwe wamata mu throttle body (pakhomo polowera mpweya mu injini), ndipo tsukani pamodzi ndi idle air control valve (vavu yolowetsa mpweya pa idle) ndi mankhwala ake opopera. Ikulira choncho, mvetserani kaphokoso kakuti siii. Timapaipi ta labala tikakalamba timang'aluka n'kumalowetsa mpweya umene kompyuta sinauwerengere. EGR valve (vavu yobwezera utsi wina mu injini) yokakamira chotsegula imachitanso zomwezi. Pa galimoto ya kabureta, onani idle jet (kabowo kodutsa mafuta pa idle) ngati yatsekeka, komanso choke (chotsekera mpweya injini ili yozizira) ngati ikutseguka injini ikatentha.

Ikamatsamwa pa chitunda kapena mukaponda kwambiri, tsatani mafuta. Tembenuzani kiyi mpaka nyale za pa dashibodi ziyake, osaliza. Pa galimoto zambiri za pampu ya magetsi mumamva kung'ung'udza cha ku thanki kwa masekondi awiri kapena atatu. Kukakhala duu, onani fyuzi ndi relay (kaswitchi koyatsa pampu) musanaweruze pampu. Ikamveka, ganizirani fyuluta ya mafuta, yomwe eni galimoto ambiri sakumbuka n'komwe kuti inasinthidwa liti. Pali kayeso kena kosalira ndalama: ikangozima, tsegulani chivindikiro cha thanki. Mukamva mpweya ukukokedwera m'kati mwamphamvu, galimoto n'kuliranso bwinobwino, ndiye kuti njira yopumira thanki yatsekeka.

Vuto lozunguza mutu kwambiri ndi la galimoto yozima ikatentha, n'kudzalira yokha ikazizira. Mukafika nayo kwa makaniko imakhala ngati mwana wodwala amene wayamba kusewera atangoona dokotala. Apa wokayikiridwa woyamba ndi crankshaft sensor, wachiwiri koilo kapena ignition module (kachipangizo kolamulira moto wa koilo), popeza timawaya ta m'kati mwake timalekana tikatentha. Kuyeza kwake kuchitike nthawi yomweyo ikukana, osati itazizira. Lizani mukuyang'ana muvi wa rpm. Pa galimoto zambiri umagwedezeka pang'ono sitata ikamazungulira, ndiye ukangokhala pa ziro, sensayo ikayikireni. Yesaninso moto ndi spark tester (kachipangizo koonetsa moto wa pulagi), kapena zulani pulagi, muibwezere pa waya wake ndi kuigoneka pa chitsulo cha injini wina akuliza. Musaigwire ndi manja, magetsi ake ndi mavoti masauzande ambiri, ndipo pasakhale petulo wotayikira pafupi.

Yozima kukagwa mvula kapena itatsukidwa ndi yosavuta: chinyezi mu distributor cap (chivindikiro chomwe mawaya a mapulagi amachokera) kapena mawaya a mapulagi ong'aluka. Ilizeni mu mdima, muona timoto tikudumpha.

Dizilo ilibe moto wa mapulagi, ndiye ikamazima yambani ndi madzi m'fyuluta ndi mpweya m'mapaipi a mafuta. Khetsani madziwo kunsi kwa fyuluta, kenaka popani kapampu ka dzanja mpaka kalimbe. Kakamafewanso m'mawa uliwonse, pali polowera mpweya.

Sinthani chinthu chimodzi, muyende nayo, kenaka china. Zonsezi zikapezeka zili bwino, uzani amakaniko ayeze mphamvu ya pampu ndi geji komanso compression (mphamvu yomwe mapisitoni amapanikizira mpweya). Koma ngati inazima mukuyenda ndipo tsopano sitata ikuzungulira mopepuka ndi mothamanga kuposa kale, lekani kuliza. Mwina timing belt (lamba woyendetsa mavavu pa nthawi yake) yaduka, ndipo pa injini zambiri mapisitoni amagunda mavavu n'kuwapinda. Imeneyo ikokedwe basi.