Kunenerera mtengo wa Land Cruiser 300

Mwafunsa kuti mungatani ogulitsa akawonjezera ndalama pamwamba pa mtengo weniweni wa Land Cruiser 300. Chitani izi:

1. Akulembereni mtengo papepala, chilichonse pachokhapachokha: galimotoyo, msonkho, ndi zowonjezera monga matinti a magalasi, makapeti ndi chitsulo chakutsogolo chija. Phindu lambiri amalibisa m'tinthu timeneti. Chomwe simunapemphe, auzeni achotse.

2. Kafunseninso kwa ogulitsa ena awiri, pepala la uyu mukamuonetse uyo.

3. Musaonetse changu. Galimotoyi itatuluka mu 2021 inkasowa kwambiri, moti ku Japan ena ankauzidwa kuti adikire zaka 4. Wogulitsa akangoona kuti mtima wanu wagwera pomwepo, satsitsanso. Tsanzikani, siyani nambala ya foni, adzakuimbirani okha.

4. Ganizirani za tsiku lodzaigulitsa. Land Cruiser ndi Lexus LX sizigwa mtengo msanga, pomwe Range Rover imagwa mofulumira, makamaka waranti ikatha. Komabe ndalama yowonjezera ija palibe adzakubwezereni. Ine ndingasankhe yoyera, ya dizilo, ndipo buku la sevisi lizidindidwa ulendo uliwonse.